Pepala la Pansi

Mlamu wanga anali ndi manja a mafuta. Sindikumunena ayi, munthu anapita kale, ndikungokamba zimene aliyense pakhomo pathu ankadziwa. Ntchito yake inali yoluka tsitsi pa saluni ina kuseri kwa msika, ndiye kuyambira m'mawa mpaka poweruka zala zake zinkangokhalira kuviika m'botolo la mafuta a tsitsi, obiriwira aja onunkhira ngati khungu la ndimu. Akakupatsa moni, dzanja lako linkanunkhira iyeyo tsiku lonse. Kapu imene wamwera unkaidziwa osafunsa. Ine ndine telala, ndipo akayandikira nsalu za makasitomala ndinkamuingitsa ngati nkhuku.

"Mlamu, manja kumbuyo!"

Iye n'kuseka, n'kundisisita patsaya mwadala, kenako uyo wathawa.

Mwamuna wake ndi mchimwene wanga wondiponda pamutu. Nyumba imene makolo anatisiyira tinagawana: ine ndi makina anga chipinda cha kumsewu, iye ndi mkazi wake ndi mwana wawo zipinda za kuseri. Mwanayo tonse timamutchula Katsitsi, chifukwa anabadwa ndi tsitsi lambiri moti anamwino ankaitanizana kuti adzaone. Mayi ake ankati Mulungu wawatumizira kasitomala wosathawa.

Mchimwene wangayo amalemba zikwangwani. Mukaona ng'ombe yonenepa pakhoma la butchala, kapena tayala lomwetulira kwa omata matayala, dziwani kuti ndi dzanja lake. Koma mtima wake sunali pamenepo. Kuyambira ali mwana ankakonda kujambula mapiri, zigwa ndi mitsinje, ndi inki yakuda papepala lonyowa. Ndipo inki yokhayo sinkamukwanira. Ankathiramo tiyi wotsala m'ketulo kuti udzu uoneke wouma. Ankawaza mchere pamtambo usanaume kuti ubale timadontho ngati mvula ya patali. Ankaviika misomali ya dzimbiri m'chitini kuti apeze madzi ofiiritsira dothi. Lero wandibera jiki, mawa kandulo. Sefa yanga ya tiyi itasowa ndinakaipeza kwake ili bii, akusefera makala opera.

"Iwe, ukuphika kapena ukujambula?"

"Ndikuyesa, achemwali."

Moyo wake wonse yankho linali lomwelo: ndikuyesa.

Chimene chinkamusowa ndi mapepala abwino, poti wamba akanyowa amangokwinyika n'kubooka. Tsiku lina mlamu anabwera ndi mulu wa mapepala okhuthala, oyera mbee, amene anamupatsa osindikiza makadi oyandikana ndi saluni pamene ankasamuka. Mpaka lero ndimamuona akulowa pageti, chikwama paphewa, mapepala atawasanjika pachikhatho chimodzi chotambasula ngati woperekera zakudya mu lesitilanti, akuyenda monyang'wa kuti timuone. Anakhala pansi pabalaza n'kuyamba kuwanyamula limodzilimodzi, kuuzira fumbi, kuwongola m'makona mopindika.

"Manja akowo!" anadandaula mwamuna wake.

"Ndasamba, bambo a Katsitsi."

Bodza lenileni, anali asanasambe. Sipanapite nthawi anayamba kudandaula mutu. Tinkati ndi kutopa ndi kuimirira tsiku lonse, tinkamugulira timapiritsi ta pa golosale. Pamene timazindikira kuti si mutu wamba, madzi anali atafika kale m'khosi. Mvula ya chaka chimenecho isanathe tinali titamuika m'manda.

Anthu atabalalika, mchimwene analowa m'chipinda chake chojambulira n'kutseka chitseko. Ndinati musiyeni, aliyense amalira mwake. Eni mashopu ankabwera kudzafunsa zikwangwani zawo, ine n'kumawauza kuti wadwala, mpaka anatopa n'kusiya kubwera. Zimenezo sizinandivute kwambiri. Chimene chinkandidya ndi mwana. Katsitsi anali atangoyamba kumene sukulu, ndipo anatengera mayi ake zonse: chipumi, kampata pakati pa mano, ngakhale kupendeketsa mutu pofunsa funso. Bambo ake sankatha kumuyang'ana. Mwana akamamuyankhula, iye maso ankawaponya pakhoma, pamwamba pa mutu wa mwanayo.

Tsiku lina chakumasana ndili pa makina ndinamva akuitana.

"Achemwali! Tabwerani."

Ndinasiya makina n'kuthamangira komweko. Ndinamupeza ataimirira patebulo, burashi ikudontha m'manja, milomo itauma gwa. Mulu wa mapepala uja unali pambali, atautsegula koyamba chimwalirire mkazi wake.

"Imani apa, muone nokha."

Anatenga pepala lina pamwamba pa mulu, n'kulinyowetsa ndi chinkhupule. Anaviika burashi mu inki yosungunula n'kuigunditsa kumtunda kwa pepalalo. Inki inayamba kuyenderera yokha m'madzimo, mtambo n'kubadwa ine ndikuona. Inatsika, inafalikira, koma itafika pakona ya kumanja inalambalala. Inasiya timalo tinayi toyera, tondondozana, tozungulira kumapeto. Zala zinayi, abale, zili mbee pamtambo wakuda. Ndipo papepala lonyowalo panatuluka kafungo ka ndimu.

Ndinabwerera cham'mbuyo mpaka ndinagunda chitseko ndi msana. Ndinganame kunena kuti sindinaope, tsitsi lonse linandiimirira. Kenako nzeru zinabwerera. Ine ndimadziwa kuti nsalu yodonthera mafuta a makina siilola utoto ngakhale uiphike tsiku lonse.

"Ndi mafuta awa, iwe. Paja anawagwira ndi manja ake aja."

"Ndikudziwa, achemwali. Sindinapenge. Zoti mafuta sagwirizana ndi madzi ndimazidziwa kuposa inu." Anaweramira papepalapo. "Koma ndi zala zake kapena si zake?"

Ndinangotembenuka n'kubwerera ku makina anga.

Kuyambira tsiku limenelo kuyesa kwake kunasanduka matenda. Sankafunanso phiri lokongola, ankafuna njira yoti zala zioneke bwino. Inki ikakhuthala zinkamira. Tiyi yekha ankachepa mphamvu, zinkangooneka ngati banga la thukuta. Mchere unkazidya m'mbali, ndiye anausiya. Kenako anatulukira za makala. Akajambula phiri lake n'kulisiya liume, ankasefera fumbi la makala pakona paja n'kuuzira pang'onopang'ono. Fumbilo linkauluka ponse koma linkakakamira pa mafutapo, ndipo timizere ta pakhungu tinkatuluka tonse, ngakhale kachipsera kamene mlamu anadzicheka ndi lezala ali kumeta mwana wa kasitomala. Chojambula chilichonse akamaliza ankachikhoma pakhoma.

Makoma anadzaza. Mapiri a nkhungu, madambo, mtsinje wokhota pakati pa miyala, msewu wopita kutali wopanda munthu ngakhale mmodzi. Ndipo pa chilichonse, pakona ya mtambo, zala zija. Pena zinayi, pena zitatu, pena chala chachikulu chokha. Zinkaoneka ngati kuseri kwa mtambo kuli munthu amene wagwira m'mphepete, akufuna kuuvundukula ngati katani kuti asuzumire mkati. Sindibisa, ndinayamba kuodira ndikamalowa m'chipindamo ngakhale ndikudziwa kuti mchimwene ali kubafa. Tsiku lina ndinadzimva ndikuti, "Mlamu, ndangobwera kudzatenga mbale," kenako ndinatsonya n'kutuluka mofulumira.

Katsitsi ankakhala pansi pakhomo la chipindacho akabwera kusukulu, yunifomu asanavule. Ndikamutuma kukapereka chakudya, bambo ake ankangoti, "Ika pomwepo," osacheuka. Dzino lake loyamba litaguluka anathamanga nalo m'manja kuti akawaonetse. Anabwerako akuyenda pang'onopang'ono, dzino likadali m'chikhatho.

"Akuti chabwino."

"Aliona?"

Anapukusa mutu. Kenako anapendeketsa mutu mwa mayi ake muja. "Azakhali, adadi amaona chiyani pamapepala paja?"

"Zala za mayi ako."

"Zimaoneka bwanji poti amami kulibe?"

"Ndi mafuta, mwanawe. Mayi ako anagwira mapepalawo ali ndi mafuta a tsitsi m'manja, ndiye inki imakana kulowa pamene anagwirapo. Palibe zamatsenga."

"Ndiye adadi amaziyang'ana tsiku lonse?"

"Tsiku lonse. Tavula yunifomuyo, iwe."

Apongozi ake a mchimwene, agogo ake a Katsitsi, amakhala kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Ndi mayi wophunzitsa sukulu amene anapuma, wosakonda kuzungulira poyankhula. Atabwera kudzationa anakhala nafe masiku angapo, akungoyang'ana. Anaona mwana akudya yekha, anaona chitseko chotseka. Anakalowanso m'chipinda muja, anaima pakati pa zala za mwana wawo, n'kutuluka nsalu ili kumaso. Tsiku lonyamuka anatiitanitsa tonse pabalaza.

"Bambo, ine ndinaika mwana wanga m'manda. Sindikufuna kuona mdzukulu wanga akuikidwa ali moyo. Sukulu ikatsekera ndibwera kudzamutenga, azikakhala ndi ine."

Ndinayang'ana mchimwene. Iye maso anali pa zikhadabo zake zakuda ndi inki.

"Mmene mwaoneramo, amayi."

"Mmene aoneramo chiyani?" ndinalumpha ine. "Amayi, mwanayu ine ndimamusambitsa, ndimamudyetsa, ndimamuperekeza kusukulu. Wasowa chiyani?"

"Sindikukunyozani, azakhali ake, mwachita zazikulu. Koma mwana kukhala ndi bambo amene akumudutsa ngati mpando, bola akhale kutali azingowasowa." Anatembenukira kwa mpongozi wawo. "Ine si wolanda ana. Tsiku limenelo mukadzamuyang'ana mwanayu kumaso n'kundiuza kuti amayi musiyeni, ndidzabwerera ndekha. Koma mudzamuyang'ane."

Atapita ndinamutsatira mchimwene m'chipinda muja n'kumukhuthulira zonse. Ndinamutchula chitsiru, ndinamuuza kuti mkazi wake akanadzuka akanamuthira mbama ndi manja a mafuta omwewo. Ndinati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Iye ankangopera makala ndi supuni, kwee, kwee, ngati ndikuyankhula ndi khoma. Nditatopa anati, "Amaseka ngati iyeyo, achemwali. Ndikamuyang'ana ndimaona bokosi likutsika." Ndinamumvera chisoni, inde, koma chisoni sichikanamusunga mwana pakhomo.

Ndiye ndinaganiza nzeru yanga ya utelala. Ndinati munthuyu ndimuonetse kuti akupembedza mafuta. Botolo la mlamu linali likadali pawindo la kuchipinda kwa mwana, poti ndinkamudzoza omwewo pomuluka. M'mawa wina mchimwene ali kubafa, nthawi yokhayo imene ankatuluka m'chipinda mwake, ndinaviika zala m'botolomo, n'kukadinda pa pepala la pamwamba pa mulu, n'kupukuta pang'ono kuti pasawale. Maganizo anga anali akuti akadzalirira zalazo ndidzamuuze kuti walirira zala za mlongo wako wamoyo, dzuka. Potuluka ndinapeza Katsitsi ali pakhomo, mswachi uli m'kamwa, akundiyang'ana.

"Ukuyang'ana chiyani? Kachukuche m'kamwamo."

Dzuwa lisanafike pamutu mchimwene anabwera pa makina anga, pepala lonyowa lili m'manja. Panali dambo lokongola ndithu, ndi mitengo iwiri. Pakona panali zala za mlamu. Pakati pa mtambo panali zanga, zonenepa ngati nthochi. Analiika pa nsalu imene ndinkasoka.

"Mwaiwala zala zanu kwanga. Chachikuluchi chili ndi chikanga cha sizasi." Anagogoda papepalapo ndi chala. "Mwandiwonongera limodzi, achemwali. Atsala ochepa."

Sanandiyankhulenso kwa nthawi. Manyazi anandigwira pang'ono, koma mkwiyo unaposa. Munthu woti kachipsera ka chala cha womwalira akukadziwa, chikanga cha mlongo wake akuchizindikira, koma osadziwa kuti mwana wake waguluka mano angati!

Mulu unkatsika. Ine ndinkauyang'ana ndikalowa kukatenga mbale, n'kumadzilimbitsa mtima kuti akatha mapepalawa misala ithanso, mwina sukulu isanatsekere. Koma litatsala limodzi, mchimwene anasiya kujambula. Anatsuka maburashi, anapukuta tebulo, n'kuika pepalalo pakatikati, loyera, lopanda kanthu. Ankakhala pampando n'kumangoliyang'ana kuyambira m'mawa mpaka kuwala kutatha pawindo. Zimenezi zinkandiopsa kuposa zala zija.

"Bwanji osalimaliza?" ndinamufunsa tsiku lina.

"Ili ndi la pansi."

"Ndiye?"

"Mukukumbuka mmene anawanyamulira?" Anatambasula chikhatho chake m'mwamba ngati woperekera zakudya. "Ena onsewa anangowagwira m'makona. Ili linagona padzanja lake lonse, kuchokera kumsika mpaka pano. Dzanja lonse lili umu, achemwali." Anatsitsa chikhathocho. "Ndikalijambula, basi. Palibenso kwina kumene anagwira kumene sindinaone."

Sukulu inatsekera. Agogo aja anafika monga ananenera, osaphonya. M'mawa wa tsiku la ulendo ndinamukhazika Katsitsi pakati pa miyendo yanga kuti ndimuluke komaliza. Nditatsegula botolo la mafuta ndinapeza muli dzenje lalikulu, ngati munalowa khoswe. Pa diresi lake latsopano, limene ndinasoka ndekha, panali banga la mafuta pantchafu.

"Iwe Katsitsi! Mafuta a mayi ako ukuseweretsa? Taona diresi!"

Anangoweramitsa mutu, ine n'kumaluka ndikukalipa, misozi ikugwera m'tsitsi lake. Ndinkakalipira mafuta chifukwa zinazo sindikanatha kuzitchula.

Chikwama chitafika pakhomo, agogo anaima pabalaza n'kuitana. "Bambo, tikunyamuka." Chitseko chinatseguka. Mchimwene anatuluka, ndevu zili nyankhalala, malaya atamanga mabatani mosemphanitsa. Katsitsi anapita n'kukaima patsogolo pake penipeni, khosi atalikweza. Agogo anadikira. Ine ndinkapemphera chamumtima kuti tsitsa maso, chitsiru iwe, tsitsa maso pang'ono pokha. Ndinaona maso ake akutsika kuchoka pakhoma mpaka anafika pa tsitsi limene ndinaluka. Kafungo ka ndimu kanali pabalaza ponse. Anatseka maso, n'kutembenuzira nkhope ku chikwama.

"Uzikawamvera agogo."

"Chabwino, adadi."

Mwanayo sanalire. Anagwira dzanja la agogo ake n'kutuluka. Ndinawaperekeza mpaka kudepoti, ndipo basi itanyamuka ndinakhala pa benchi n'kulira mokweza ngati maliro agwanso, anthu akundiyang'ana.

Nyumba inakhala zii. Ndinasiya kumupititsira chakudya m'chipinda, ndinkangochisiya m'khitchini, akafuna adye, akapanda kufuna agalu alipo. Nsapato zakale za Katsitsi zinatsalira kuseri kwa chitseko, ndipo ndinkazilambalala posesa. Makina ankandikanika, ulusi unkangoduka. Titakumana m'khonde ndinamuuza mawu amodzi okha: "Unali ndi maliro amodzi, wadzipangira achiwiri ndi manja ako." Anandilambalala n'kulowa m'chipinda chake.

Panapita sabata ndi masiku. Kenako m'mawa wina, dzuwa litangolowa pawindo, ndinamumva.

"Achemwali. Tabwerani."

Ndinafuna kukana, koma miyendo inapita yokha. Anali atakonza zonse patebulo: mbale ya madzi, chinkhupule, inki yosungunula ndi tiyi m'kapu yothyoka chogwirira, burashi yaikulu. Mapiri onse aja anali kutiyang'ana kuchokera m'makoma ndi zala zawo.

"Sindikugona," anatero. "Ndikufuna ndimalize. Koma ndekha sinditha, imani pafupi."

Ananyowetsa pepala lonse mofatsa, ngati akusambitsa khanda. Fungo lija linakwera, lamphamvu kuposa masiku onse, mpaka ndinayang'ana kumbuyo kwanga. Munsi anakoka mzere umodzi wa phiri lalitali, lotsetsereka. Kenako anadzaza burashi n'kuigoneka kumtunda, ndipo mtambo unayamba kutsika. Inki ina inadonthera patebulo.

Pakati pa pepala inki inachita ngati ikukayika. Inalowa pang'ono, mopyapyala, n'kusiya chithunzi chotuwa. Chinayamba ndi nsonga za zala, kenako zala zonse zisanu zotambasuka, kenako chikhatho. Dzanja lonse la mlamu, monga ananenera, lofooka ngati nkhungu poti mafutawo anali akale. Mchimwene anatulutsa kamawu kamene sindinamumvepo chibadwire.

Koma inki inali isanathe kuyenda. Itafika mkati mwa chikhathomo inaima, n'kuzungulira, osalowa ngakhale pang'ono. Pakati pa dzanja lotuwa lija panatuluka lina, loyera mbee, la mafuta ambiri, atsopano. Kadzanja kakang'ono. Tizala tisanu, totambasuka bwinobwino, todindidwa ndi mphamvu zonse. Kanagona m'chikhatho cha mayi ake osatulukira kunja ngakhale kachala kamodzi.

Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo. Ndinakumbuka dzenje la m'botolo, banga la pa diresi, mswachi m'kamwa tsiku lija. Mwanayo anandiona ine, anamva zimene ndinamuuza, ndipo anadikira bambo ake apite kubafa. Koma pepalalo linali loyera, abale. Dzanja la mayi ake silinkaoneka, ngakhale ine ndinaliyang'anapo kangapo osaona kanthu. Anadziwa bwanji poika lake? Mwina poti pakati ndi pakati, mwana aliyense akanaika pomwepo. Ndimadziuza choncho mpaka lero, ndipo masiku ena ndimakhulupirira.

Mchimwene anaika burashi pansi. Anaweramira pafupi, mpweya wake ukugwedeza madzi a papepala. Anayang'ana nthawi yaitali, mmene ankayang'anira zala zina zija, kachala kalikonse payekhapayekha. Kenako anatambasula dzanja lake pamwamba pake, osakhudza, ngati akuyeza.

"Ili si lanu."

"Si langa."

"Koma Katsitsi kadzanja kake ndi kotere." Anandionetsa ndi zala ziwiri, kamuyeso ka mwana amene ankamunyamula paphewa mayi ake ali moyo. Anayang'ananso papepala, n'kuyang'ana ine, maso ali psuu. "Lakula liti dzanja limeneli?"

Ndinali ndi mawu ambiri amene ndinasunga miyezi yonseyi, akuthwa, okonzeka kale. Onse anathawa.

"Iwe uli muno," ndinatero.

Anakhala pansi, pasimenti penipeni, n'kulira. Pa maliro a mkazi wake sanalire chonchi. Ndinamusiya, sindinamugwire. Atatha anapukuta kumaso ndi manja a inki, nkhope yonse n'kukhala bii, kenako anayamba kukwawa n'kumasuzumira pansi pa tebulo, pansi pa shelefu.

"Ukufuna chiyani?"

"Nsapato zanga."

Tinazipeza kuseri kwa zitini za utoto, zitachita chuku, zitauma ngati chikopa cha ng'oma. Anazivala choncho osapukuta. Ndinamuuza kuti asambe kaye kumaso, anthu amuthawa m'basi, koma anali atafika kale pageti.

"Akakakufunsa agogo ake ukanena chiyani?" ndinakuwa.

Sanacheuke. Ndinamuona akukhota pa golosale, akuyenda mopepesuka ngati munthu wochoka m'chipatala.

Ndinabwerera m'chipinda muja kuti nditsegule mawindo. Pepala linali likuuma patebulo, m'mbali mukupindika pang'ono. Phiri linali litakhazikika, mtambo utada bwino, ndipo manja awiri aja anali pomwepo, lina mkati mwa linzake. Sindinadziwe ngati agogo akamupatse mwanayo, kapena ngati mwanayo akavomere kubwera. Ndinatola kapu ya inki ndi mbale ya madzi. Pofika pakhomo ndinaima, n'kutembenuka.

"Mlamu," ndinatero, "wapita kukamutenga."